Mphindi 45 M'mwamba, Maola 6 Pansi

(Awa ndi mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma, womwe udachitikira pa Boma la Nkhotakota.)



Pali funso limene limamveka kawirikawiri m'maofesi a Boma kunyanja kuno, makamaka ikafika kalata yoitanira munthu ku msonkhano wa ku Blantyre. Funsolo ndi lakuti: kodi kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pandege pali mtunda wotani, nanga ndege imatenga nthawi yaitali bwanji? Yankho lake silivuta. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Chileka pali makilomita pafupifupi 245, omwe ndi mailosi 152 kwa iwo amene adaphunzira masamu m'masiku a mailosi, ndipo ndege yonyamula anthu imatenga mphindi 40 kapena 50. Yankholi ndi loona, komabe lasocheretsa anthu ambiri anzeru zawo, pakuti munthu wa ku Nkhotakota sagona ku Lumbadzi, ndiponso msonkhano suchitikira pa Chileka.

Poyamba nkoyenera kumvetsa m'mene ziwerengero ziwirizi zimapezekera. Mtunda wa pandege amauyeza molunjika, monga m'mene nkhwazi imadutsira pamwamba pa madzi a Chia, osazemba phiri, osafuna mlatho. Msewu wa M1 ulibe mwayi wotere. Uwo umakwera ku Dedza, nkudzera ku Ntcheu, nkutsikira ku Chingeni, nkuwoloka Shire pa Zalewa, ndipo pofika ku Blantyre wadya makilomita opitirira 300. Oyendetsa ndege eniakewo sawerenga makilomita kapena mailosi a pamtunda. Iwo ali ndi mailosi a panyanja, omwe imodzi ndi mamita 1,852, kotero kuti pa mapepala awo ulendo womwewu walembedwa kuti ndi mailosi pafupifupi 132. Munthu akaona ziwerengero zitatu zosiyana pa ulendo umodzi asaganize kuti wina wanama. Miyeso ndiyo yasiyana, monga chitini ndi mbale za pamsika.

Tsono nayi nkhani ya mphindi. Ndege ya mtundu wa Boeing 737 ikafika pamwamba penipeni imathamanga makilomita opitirira 800 pa ola limodzi. Mwana wa Sitandade 7 angathe kutenga choko, nkugawa, nkupeza kuti makilomita 245 ayenera kutha pa mphindi 18 zokha. Nanga mphindi zinazo zimapita kuti? Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba kuwerengedwa pamene ndege yasuntha pamalo ake oimikira, isanauluke nkomwe. Imayenda pansi ngati galimoto kupita kumayambiriro kwa msewu wake, imadikira chilolezo cha olondolera ndege amene amakhala m'nsanja, imathamanga, imanyamuka, imakwera pang'onopang'ono. Ndipo isanayambe kupuma m'mwambamo yayamba kale kutsika, popeza Chileka wayandikira. Potsikanso sigwa ngati mwala. Imachepetsa liwiro, imazungulira kuti iyang'anizane ndi mphepo, imatera, nkuyendanso pansi kufikira itaima. Nchifukwa chake ndege ya mapulopela ya mtundu wa Q400, yomwe liwiro lake silipyola makilomita 670 pa ola, imafika ku Chileka pafupifupi nthawi yofanana ndi inzake yaikuluyo. Pa mtunda waufupi liwiro la ndege silipeza malo oonekera.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso ndalama. Ndege imamwa mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera, monga momwe lole yodzaza shuga wa ku Dwangwa imaliririra pa chitunda cha ku Mvera ndi ku Chezi. Ulendo ukakhala wautali, mtengo wa kukwerako umagawidwa pa makilomita ambiri. Ukakhala waufupi, kilomita iliyonse imakwera mtengo. Ndipo aliyense akudziwa kuti dziko la Malawi lilibe chitsime cha mafuta. Dontho lililonse limabwera kudzera ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Nacala, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene wazipezera dziko mlimi wa fodya, wa tiyi ndi wa nzimbe.

Za mphepo sizifunika kuzitambasula kwa anthu a kunyanja. Msodzi wa pa Linga akudziwa kuti mwera ukamawomba m'miyezi ya June ndi July, ngalawa yolowera kumpoto imathamanga ngati yakodwa ndi chingwe, koma pobwerera pamakhala thukuta. M'mwambanso ndi chimodzimodzi. Ndege yothamanga makilomita 600 pa ola ikakumana ndi mphepo ya makilomita 60 pa ola, pansi pano imaoneka kuti ikuyenda makilomita 540 okha. Mphepo yomweyo ikakhala kumbuyo, imayenda 660. Motero ulendo wopita ndi wobwerera sulingana nthawi zonse, ngakhale mtunda uli womwewo.

Izi zonse ndi za m'mwamba. Tsopano nkofunika kutsikira pansi, pamene pali nkhani yeniyeni.

Ayerekezedwe akuluakulu awiri a m'maofesi a pa Boma pano amene aitanidwa ku msonkhano umodzi ku Blantyre. Woyamba wasankha ndege. Kuchokera pa Boma la Nkhotakota kukafika ku Lumbadzi molunjika pali makilomita pafupifupi 110 okha, koma galimoto silunjika. Imatsata msewu wa M5 kudzera pa Chia ndi pa Benga mpaka kufupi ndi Salima, nkukhotera kumadzulo pa msewu wa M14, nkukwera zitunda kukatulukira ku Kanengo, nkubwereranso chakumpoto kulowera ku bwalo la ndege. Amenewo ndi makilomita 200 kapena kupitirirapo, ndipo pa msewu wodzaza njinga, ngolo, mbuzi ndi malole woyendetsa wosamala amatenga maola atatu kapena atatu ndi theka. Pa bwalo la ndege munthu ayenera kufika kudakali ola limodzi, mwinanso kuposerapo, kuti alembetse, apimitse katundu ndi kusechedwa. Kenaka mphindi 45 zija. Akatera pa Chileka adikire chikwama chake, apeze galimoto ina, ayende makilomita 16 kulowa mu mzinda, m'misewu imene imadzaza m'mawa ndi madzulo. Kuphatikiza zonse, maola 6 akwana, ndipo apo nkuti ndegeyo yanyamuka pa nthawi yake, ndiponso nthawi yakeyo yagwirizana ndi nthawi ya msonkhano. Ikapanda kugwirizana, bwanayo agona ku Lilongwe usiku umodzi, Boma nkumulipirira chipinda ndi alawansi.

Wachiwiri wakwera galimoto pakhomo pa ofesi. Watsata M5 yemweyo kupyola Salima, Chipoka ndi Golomoti, wakumana ndi M1 chakufupi ndi Balaka, wawoloka pa Zalewa, walowa mu Blantyre. Makilomita ndi pafupifupi 400, ndipo msewu ukakhala bwino maola ndi 6 kapena 7. Akuluakulu awiriwa akumana pakhomo pa msonkhano, wina akuti wabwera pandege, wina akuti wabwera pagalimoto, koma onse adachoka kunyumba tambala woyamba atalira. Akulu akale sadalakwe ponena kuti kuthamanga sikufika.

Pali chinthu china chimene ambiri sachilemba pa pepala lopemphera ulendo. Galimoto imene yaperekeza bwana woyamba uja ku Lumbadzi imabwerera ku Nkhotakota yopanda munthu, ndipo tsiku lobwera bwanayo imapitanso yopanda munthu kukamutenga. Makilomita 200 kanayi ndi makilomita 800. Ulendo wa ku Blantyre pamsewu, kupita ndi kubwera, ndi makilomitanso 800. Ndiye kuti mafuta a galimoto atha mofanana, matayala atha mofanana, dalaivala watopa mofanana, ndipo pamwamba pa zonsezo Boma lagula tikiti ya ndege ndi kulipira galimoto ina ku Blantyre. Kuwonjezera apo, galimoto yopita ku Blantyre ikadatha kunyamula anthu anayi: wa zaulimi, wa zaumoyo, wa zamaphunziro ndi wa zansomba, pamene tikiti imanyamula munthu mmodzi. Ndalama zimenezi sizigwa kumwamba ngati mvula. Ndi msonkho wa mayi wogulitsa usipa pamsika, wa mlimi wa mpunga wa ku Bua, wa mnyamata wa kabaza. Wogwira ntchito m'Boma amene amasankha ndege chifukwa chakuti mawu oti "ndabwera pandege" amakoma m'kamwa, ayenera kuchita manyazi pamaso pa anthu amenewa.

Pasakhale wina wotuluka muno nkumakafalitsa kuti Chipani chikunyoza ndege. Ayi ndithu. Palibe boma lina m'dziko muno limene liyenera kudziwa mtengo wa mtunda kuposa Nkhotakota. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikitsa malonda ake a minyanga ndi akapolo pagombe pomwe pano. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawaolotsa nyanja pa zombo za matanga, ndipo kuchokera kutsidyako ankayenda pansi miyezi itatu kapena inayi kukafika ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere, ambiri sankafikako. David Livingstone adaziona zimenezi ndi maso ake pamene adafika kuno m'chaka cha 1861 ndiponso cha 1863, ndipo mtengo umene anthu amautchula dzina lake ndi mboni ya masiku amenewo. Lero ndege yochoka ku Lilongwe imafika ku Dar es Salaam, kumpoto kwa Kilwa yemweyo, maola awiri asanathe. Miyezi inayi ya magoli yasanduka maola awiri a pampando. Munthu wonyoza chinthu chotere ndiye kuti mbiri ya kwawo saidziwa.

Ndege zidayamba kalekale kudziwana ndi nyanja ino. M'zaka za 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wawo wa pakati pa England ndi South Africa, ulendo umene unkatenga masiku angapo chifukwa ankagona panjira. Koma zimenezo zidali za atsamunda ndi alendo awo. Mwini nyanja ankangoziona ali m'bwato. Chombo chimene chidathandizadi anthu wamba chidali sitima ya Ilala, yomwe idayamba ntchito m'chaka cha 1951, ndipo kwa zaka zambiri anthu a kuno akhala akuidziwa ngati basi ya pamadzi, yoima patali ndi gombe chifukwa cha kuchepa kwa madzi, anthu ndi matumba awo nkumapita kukaikwera pa maboti aang'ono.

Amalawi ambiri oyamba kukwera ndege adakwera ngati antchito a m'migodi. Bungwe la Wenela linkawanyamula pandege kuchokera kuno kukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku Joni. Makolo ena a m'midzi ya kwa Kanyenda ndi kwa Mwadzama adayendamo m'njira imeneyi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. H. Kamuzu Banda, adaletsa pomwepo kulemba anthu ntchito za Wenela. Dr. Banda yemweyo adali atatera pa Chileka pa 6 July 1958 kudzathetsa chitaganya, ndipo m'chaka cha 1960 msonkhano waukulu wa chipani chake cha Malawi Congress udachitikira kuno ku Nkhotakota.

Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, dziko lidafuna mapiko akeake. Kampani ya Air Malawi idabadwa chaka chomwecho pansi pa Central African Airways, nkudziimira payokha m'chaka cha 1967. Kuyambira 1974 mpaka 1979 ndege yake ya VC10 inkauluka kuchokera ku Chileka kukafika ku London, mtunda wa makilomita oposa 8,000. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, padamangidwa bwalo latsopano ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa m'chaka cha 1983, ndipo msewu wake wothamangapo ndege ndi wopitirira makilomita atatu. Kutalika kumeneku kuli ndi chifukwa: bwaloli lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja ino ili pa mamita osakwana 500, ndipo kumtunda mpweya umapepuka, kotero kuti ndege yolemera imafuna malo aatali othamangira isananyamuke. Air Malawi idatha m'chaka cha 2013, ndipo m'malo mwake, mu January 2014, mudayamba kampani yatsopano imene Boma lidatengamo magawo 51 pa 100 alionse, otsalawo nkukhala a Ethiopian Airlines. Wopita ku London masiku ano amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg.

Pamenepa ndi pamene ndege imaonetsa mphamvu zake zenizeni, pa mitunda italiitali. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndege imatenga maola awiri ndi theka, mwina kucheperapo. Anyamata a kuno amene amapita ku Joni pabasi angachitire umboni za njira ya pansi: Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, zipata zitatu za malire a mayiko, usiku ndi usana m'basi, nthawi zina masiku awiri athunthu. Pa ulendo wotere, maola atatu ochokera ku Nkhotakota kukafika ku Lumbadzi sakhalanso kanthu. Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 600, ola limodzi ndi mphindi zochepa, pamene basi yodzera pa Mchinji ndi Chipata imadya tsiku lonse. Ngakhale m'dziko momwe muno, bwana wokhala mu Lilongwe amene ayenera kukagwira ntchito ku Blantyre m'mawa ndi kubwerera madzulo, ali ndi chifukwa chomveka chokwerera ndege, pakuti bwalo lili pakhomo pake ndipo Boma silimulipirira malo ogona. Chilumba cha Likoma nachonso ndi nkhani ina: kumeneko kulibe msewu wopikisana ndi ndege, ndipo kandege kakang'ono kochoka ku Lilongwe kamafika pa ola limodzi lokha, pamene wodalira sitima amawerenga masiku a pa sabata.

Boma lino lili ndi Asilamu ambiri, ndipo chaka ndi chaka ena mwa iwo amapita ku Haji. Nkwabwino kuti atsogoleri adziwe kuwathandiza kuwerenga matikiti awo, chifukwa pamenepa pamasokonezeka anthu. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa pali makilomita pafupifupi 2,600, ulendo wa maola anayi, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Jeddah pali enanso 1,400. Koma nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene ndege ikunyamukira kapena kuterako, ndipo mawotchi a ku Ethiopia, ku Kenya, ku Tanzania ndi ku Saudi Arabia ali patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi a ku Malawi. Ndege yonyamuka 2 koloko masana nkulembedwa kuti ifika 7 koloko madzulo siikhala m'mwamba maola asanu, koma anayi. Pobwerera imaoneka ngati yatenga atatu okha. Munthu wosasintha wotchi yake angathe kukhala phee pa bwalo la ku Addis Ababa akumwa tiyi, ndege yake ikunyamuka. Ku Johannesburg, ku Lusaka ndi ku Harare vuto limeneli kulibe, popeza nthawi yawo ndi yofanana ndi ya kuno. Safunsa adadya phula, wapaulendo afunse.

Palinso mawu ena olemera amene sayenera kusiyidwa. Mphindi zolembedwa pa tikiti si lonjezo la Mulungu. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali idanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, ulendo umene umayenera kutha ola lisanakwane. Kumpoto kudali mitambo ndi nkhungu, ndegeyo sidatere ku Mzuzu, ndipo idakagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr. Saulos Klaus Chilima, adamwalira pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Dziko lonse lidalira maliro amenewo. Choncho wapaulendo akamva kuti ndege yachedwa kapena yalephereka chifukwa cha nyengo, asayambe kukalipira atsikana olembetsa matikiti ndi kutchula maudindo ake. Woyendetsa ndege akakana kunyamuka ali ngati mwini ngalawa wokana kulowa m'madzi mwera utakwiya, ndipo anthu a kunyanja sanyoza munthu wotere. Wokonza ulendo aziikiratu nthawi yapadera ya zoterezi, makamaka m'miyezi ya dzinja.

Alipo ena amene amati: ngati vuto ndi kutalika kwa njira ya ku Lumbadzi, bwanji osamanga bwalo lalikulu la ndege ku Nkhotakota konkuno? Funsoli si lachibwana, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Nzoona kuti makilomita 110 kandege kakang'ono kangawamalize theka la ola lisanathe kapena litangokwana. Nzoonanso kuti ku Dwangwa kuli kale kabwalo kotera ndege zing'onozing'ono. Koma bwalo si ndege, ndipo ndege si apaulendo. Ndege yoyenda tsiku ndi tsiku imafuna anthu odzaza mipando tsiku ndi tsiku, olipira mtengo umene wafotokozedwa kale kuti umakwera pa mitunda yaifupi. Kodi pa anthu onse a m'boma lino, ndi angati amene angalipire? Bwalo limafunanso mpanda, ozimitsa moto, oyeza nyengo ndi olondolera ndege, ndipo onsewa amalandira malipiro kaya ndege yabwera kaya siidabwere. Walira mvula walira matope. Tsiku lina, alendo odzaona nyanja ndi nyama akadzachuluka, nkhaniyi idzakhala ndi miyendo. Koma chinthu chimene chingafupikitse ulendo wa munthu aliyense wa ku Nkhotakota lero, wa pandege ndi wa pabasi yemwe, ndi msewu.

Chuma chonse cha boma lino chimayenda pa matayala. Shuga wa ku Dwangwa, kumene fakitale idayamba kugaya nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, amatuluka pa malole. Mpunga, chinangwa, usipa ndi chambo zimafika m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Kasungu pamsewu. Mayi wapakati amene madokotala amutumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe amapita pa ambulansi, ndipo kwa iye dzenje lililonse la pamsewu ndi ululu, mphindi iliyonse ndi moyo. Ngakhale njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kubwera ku nkhalango ya Nkhotakota m'zaka za 2016 ndi 2017 sizidabwere pandege. Zidabwera pa malole. Mlendo wochokera ku Ulaya wodzaona njovuzo amauluka makilomita zikwizikwi usiku umodzi, koma chimene amakakamba kwawo ndi maola amene adakhala pa msewu wa kunyanja.

Chakumapeto kwa February 2024, madzi osefukira adavuta dera la Dwangwa, nagumula nyumba, namiza minda, nadula msewu wa M5. Masiku amenewo mtunda wa m'mwamba pakati pa Lilongwe ndi Blantyre udali womwewo, makilomita 245, ndipo mphindi zake zidali zomwezo, koma munthu wa kutsidya kwa madziwo sakadatha kufika nkomwe pa bwalo la ndege. Mitsinje ya Dwangwa, Bua ndi Kaombe ndiyo imalamula ulendo wa kuno kuposa kampani iliyonse ya ndege. Nchifukwa chake msewu wochokera ku Kaphatenga kudzera pa Benga mpaka ku Dwangwa, pamodzi ndi milatho yake, ndiyo nkhani imene atsogoleri a boma lino ayenera kuiika patsogolo pa misonkhano yonse ya chitukuko. Ola limodzi lochotsedwa pa msewu umenewu lipindulira mlimi, msodzi, wodwala, mwana wasukulu ndi bwana wa pandege yemwe. Pamene mphindi khumi zochotsedwa m'mwamba zipindulira anthu ochepa okhala ndi matikiti.

Pa nkhani ya msewuyi Chipani chili ndi ntchito yake, imene Boma palokha silingaithe. Atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi, mogwirizana ndi Mafumu, aletse anthu kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje ndi kugwetsa mitengo ya m'magwero ake, pakuti madzi amene amakokolola mlatho amayambira m'phiri lometedwa. Aletsenso kutseka ngalande za msewu ndi zinyalala, kumanga magolosale mu msewu, ndi kuzula zitsulo za m'milatho ndi zikwangwani kukasula makasu ndi mbaula. Munthu woba chitsulo cha pa mlatho watalikitsa ulendo wa boma lonse, ndipo apolisi adziwitsidwe za iye ngakhale atakhala mwana wa Wapampando.

Kwa ogwira ntchito m'Boma pempho ndi ili. Wopempha ulendo alembe pa pepala lake nthawi yochokera pakhomo pa ofesi ndi nthawi yofikira pakhomo pa msonkhano, osati nthawi ya ndege yokha. Alembe makilomita onse amene galimoto ya Boma iyende, kuphatikizapo amene iyende yopanda munthu, masiku ogona panjira, ndi chiwerengero cha anthu opita ku msonkhano womwewo kuchokera m'boma lino. Mkulu wa nthambi asasayine asanaone njira ziwirizo zitaikidwa pamodzi pa tsamba limodzi. Ndege ikapambana pa masamuwo, munthuyo akwere ndege ndi mtima woyera. Msewu ukapambana, nthambi zimvane kudzera ku ofesi ya a Bwanamkubwa kuti galimoto imodzi inyamule onse, inyamuke 5 koloko m'mawa kuti isayende usiku, ndipo m'nyengo ya mvula dalaivala ayambe waimbira foni ku Benga ndi ku Salima kufunsa za milatho asanalize injini.